Kanyenyezi ka Ulusi Wofiira

Amuna ena chikondi chawo chimalimba akakhala awiriwiri, koma pakangofika munthu wachitatu chimathawira kunsi kwa tebulo. Telala wathuyu anali mmodzi mwa amuna otere, ngakhale iye mwini anadzazidziwa Lolemba lija, m'kalasi yodzaza ndi makolo.

Anali mnyamata wamanzere, wofatsa, wosokera pakhonde la sitolo ina pamsika, pa makina amene malemu bambo ake anamusiyira. Kwa miyezi isanu ndi umodzi anakhala akufunsira mphunzitsi wamkazi wa pasukulu ya m'deralo, yemwe ana anamutcha Nawezulo poti wezulo sinkachoka m'khosi mwake. Kafunsiridwe kake kanali kautelala ndithu: mphunzitsiyo akabweretsa chovala choti chikonzedwe, chinkabwerera chili ndi kakalata m'thumba. Nawezulo anadzalola pa kakalata kachisanu n'chinayi, atatha kuwononga dala zipi zonse za m'nyumba mwake.

Vuto linabwera ndi mpira. Nawezulo anayambitsa timu ya mpira wamiyendo ya atsikana, ndipo atsikanawo ankaufunadi, koma analibe chovala chosewerera. Akasewera atavala siketi, anyamata ankandanda m'mbali mwa bwalo kudikira kuti wina agwe. Akati avale kabudula, kunyumba kunalibe kolowera. Telala ndiye anapeza nzeru. Anasoka masiketi khumi ndi anayi okhala ndi kabudula wobisika mkati, akusokera kuseri kwa makatoni a sopo m'chipinda cha katundu wa sitolo kuti anthu asamuone. Siketi imodzi inali ya mlongo wake weniweni, wa kalasi yomaliza, amene anzake ankamuitana kuti Kamphepo chifukwa cha liwiro.

Siketi ya Kamphepoyo ndi imene tsopano inali patebulo la aphunzitsi, itatembenuzidwa, kabudula ali poyera. Amayi ake a telala anaipeza m'chikwama cha mwanayo, wina atawatsina khutu. Makolo anali atadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo akugunda matabwa, ndipo kutsogolo kunakhala mwini chigayo, wapampando wa komiti ya makolo.

"Ine mwana wanga wakula," anatero amayi aja, atagwira m'chiuno. "Mtsikana wamkulu kumatambasula miyendo pagulu, amuna akuomba m'manja? Komanso tonse tikudziwa kuti mpira umaumitsa m'mimba. Mawa akadzalephera kubereka, adzakalira pakhomo pa ndani? Pa aphunzitsi?"

"Ndiye akazolowera kumenya mpira, mwamuna adzamumvera?" anaonjezera mayi wina.

"Nanga madzi madzulo azitunga ndani?" anafunsa bambo wina wachipewa kumbuyo. "Ine?"

Anthu anaseka. Nawezulo anaimirira, mawu ake osanjenjemera. Anati palibe dokotala amene ananenapo kuti mpira umatseka mimba. Anati chiyambire timuyo palibe mtsikana wa m'timu amene wajomba kusukulu, pamene chaka chatha asanu anasiyira panjira. Ananena zoona, koma zoona za mlendo wosakwatiwa zimalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Amayi a telala aja anatola siketi ija n'kuyamba kuifufuza m'chiuno. Chala chawo chinaima pa kanthu kena. Malemu bambo a telala ankatseka chovala chilichonse ndi kanyenyezi ka ulusi wofiira mkati mwa chiuno, ndipo mwana wawo anatengera. Dzanja linkachita lokha, osafunsa mutu. Masiketi onse khumi ndi anayi anali nako.

"Mwana wanga ali pompano, ndi telala," anatero amayiwo osakweza maso. "Tabwera, iwe. Tiuze, zimenezi zasokedwa kuti?"

Kuchoka pazenera pamene anaima kukafika patebulo anali mapazi asanu ndi limodzi basi, koma anafika thukuta lili kamukamu. Anagwira siketi yosoka yekha n'kuitembenuza ngati akuiona koyamba. Uku kunali maso a amayi ake, amene anavutika naye okha bambo atamwalira. Uko kunali maso a Nawezulo, odekha, omudikira.

"Izi ndi za m'tauni, amayi," anatero. "Msoko uwu ndi wa makina a magetsi."

Nawezulo anamuyang'ana, osati mokwiya ayi, kukwiya kukanakhala bwino. Anamuyang'ana modabwa, monga mmene umayang'anira galu wako akakuuwa.

"Inde," anatero mphunzitsiyo pang'onopang'ono. "Ndinagula ndekha. Mlandu ndi wanga ndekha."

Msonkhano unagamula kuti atsikana aleke mpira, masiketi atsekeredwe m'kabati ya ahedi, ndipo komiti ilembe kalata ku ofesi ya zamaphunziro. Telala anatuluka nkhope ili pansi, osadikira pemphero lotsekera.

*

Bodza silikhala lokha, limabala. Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, a chigayo anafika kunyumba ndi pepala ndi cholembera, ufa ukadali m'nsidze. Anakhala pampando wa malemu, umene alendo wamba sankaukhalira.

"Kalata ya ku ofesi imafuna dzanja looneka," anatero. "Langali limalemba ngati nkhuku yapalasa. Amayi ako akuti iwe uli ndi dzanja labwino."

"Ndatopa, bambo. Mwina mawa..."

"Watopa ndi chiyani?" anafunsa amayi ake. "Kapena pali chimene ukutibisira za mphunzitsi ameneyu?"

Apa mpamene akanaulula. Mawu anafika pakhosi, anawamva kulemera kwake. Koma munthu amene wakana masana pamaso pa makolo makumi asanu, avomera bwanji madzulo? Anadzinyenga kuti makalata a ku ofesi amagona m'madirowa zaka ndi zaka mpaka chiswe chiwawerenge, komanso kuti wosayina ndi a chigayo, osati iye. Anatenga cholembera.

A chigayo ankanena, iye ankalemba. Analemba kuti mphunzitsiyo akuwononga khalidwe la ana aakazi. Analemba kuti amawaveka zovala zochititsa manyazi makolo osadziwa. Analemba kuti makolo akupempha asamutsidwe msanga. Zilembo zake zopendekera kumanzere, zomwe zija zinalembapo kuti "ndikakuona singano imandibaya osamva," zinandanda bwinobwino pamzere, osafufuta n'kamodzi komwe.

Panja Kamphepo ankasesa. Anasesa malo amodzi omwewo, pansi pa zenera, mpaka kalata inatha.

"Mwana wabwino," anatero a chigayo popinda pepala. "Uzibwera kunyumba. Mwana wanga amakufunsa."

Masiku onse amayi a telala ankamwetulira akamva za mwana wa a chigayoyo, poti ndiye ankamulakalaka kuti adzakhale mpongozi wawo. Tsikuli anangoyang'ana pansi. Telala anapita kukasamba m'manja ngakhale sanagwire chilichonse chakuda.

*

Lachiwiri m'mawa anatumiza uthenga pafoni: "Wadzuka bwanji?" Unawerengedwa, yankho osabwera. Masana anatumiza wina: "Ndikufuna tikambirane." Madzulo: "Pepa." Lachitatu analemba uthenga wautali ngati ulaliki, n'kuufufuta wonse, n'kutumiza kuti, "Bulawuzi yako ija yatha." Apa mpamene yankho linabwera.

"Zikomo, a telala. Mupatsire mwana wasukulu."

A telala! Munthu amene sabata yatha ankamuitana kuti "iwe wamanzere". Anafunditsa makina nsalu n'kukwera njinga.

Anamupeza kubwalo ana ataweruka, atakhalira mpira wophwa pang'ono pansi pa golo wa mitengo, akuonerera mbuzi zikudya udzu pamene atsikana ake ankasewerera.

"Mwabwera kudzayeza chiyani?" anafunsa Nawezulo.

"Usandiyankhule ngati mlendo, chonde."

"Nanga si ndinu mlendo? Amene ndimamudziwa ine anasoka masiketi khumi ndi anayi mpaka zala kutupa. Uja wa Lolemba sindikumudziwa."

"Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ndikanavomera pagulu paja..."

"Musawanamizire amayi. Iwo analankhula zimene amakhulupirira, ataimirira, aliyense akuona. Ine ndikuwalemekeza kuposa inu."

Mawuwo anamulasa. Anakhala pansi pa udzu, osasamalanso thalauza lake losita.

"Ine ndili ndi zaka za Kamphepo ndinkasewera kuposa iyeyo," anapitiriza mphunzitsiyo. "Achimwene anga anandipeza pabwalo, anandikoka dzanja anthu akuseka, n'kukaotcha nsapato zanga kudzala. Koma iwo aja anachita poyera, sanandimwetulire kaye. Ndinalumbira kuti ndikadzakhala mphunzitsi palibe mtsikana adzakokedwe pabwalo langa. Onani lero, mbuzi ndi zimene zikusewera."

Telala anazula udzu n'kumaupotokola pachala ngati ulusi.

"Loweruka kukubwera timu ya sukulu ya tsidya. Tinagwirizana kalekale. Ahedi akuti iwo sakuletsa, sakulolanso, tsikulo akakhala kumaliro, ngakhale womwalirayo sanadziwike. Dzulo atsikana anayi anabwera kudzalira kunyumba kwanga. Wina anandifunsa kuti, 'Madamu, kodi thupi langali ndi lochititsa manyazi?' Mwana wa zaka khumi ndi zitatu. Ndimuyankhe chiyani, pamene ngakhale wosoka chovalacho akuchita nacho manyazi?"

"Ndimakukonda," anatero telala, poti china chonena analibe.

"Ndikudziwa. Mumandikonda m'thumba. Makalata anu onse ndikadali nawo, koma ine ndatopa ndi chikondi chopinda kanayi n'kubisa m'siketi. Ndikufuna munthu woti akafunsidwa pagulu, ayankhe." Anaimirira n'kukupatira mpira wake. "Pali china chimene ndiyenera kudziwa? Nenani lero, ndimvere limodzi."

Kalata ija inamutentha pachifuwa. Anayang'ana nkhope yotopa ija n'kuganiza kuti akaonjezera apa, ndiye kuti basi, kwatha.

"Palibe," anatero.

Kanali kachitatu kumugulitsa m'masiku atatu.

*

Lachinayi kunabwera mwana wa a chigayo. Fungo la mafuta ake linafika pakhonde mwini wake asanafike. Anali wokongola, zimenezo tisamunamizire, ndipo ankadziwa. Anaponya diresi pa makina.

"Mundichepetsere m'chiuno. Muyeze bwino, musachite manyazi."

Telala anayeza atatalikira, manja atatambasula ngati akuotha moto.

"Mukunjenjemeratu," anaseka mtsikanayo. "Kapena mwazolowera kuyeza aphunzitsi okha? Musadabwe, ine ndimaona. Njinga yanu imadziwa njira ya kusukulu kuposa ana asukulu. Ndine ndinawauza amayi anu kuti asuzumire m'chikwama cha Kamphepo. Mlamu wanga ameneyo, ndiyenera kumusamala."

"Si mlamu wanu."

"Lero." Anatulutsa foni yake n'kuyamba kuisisita. "Kalata ija bambo anatuma ine kukaipereka ku ofesi. Ndinaiwerenga m'basi. Koma muli ndi dzanja, a telala! Mpaka ndinaijambula, kuti ndikakusowani ndiziiona."

Tepi yoyezera inagwa pansi.

"Mufufute."

"Ndifufute chinthu chokongola chonchi? Musaope, sindionetsa munthu. Ife a banja limodzi timasungirana zinsinsi. Bola njinga ija iphunzire njira ya kuchigayo." Anakoleka kachikwama kake paphewa. "Diresilo ndilifuna Loweruka m'mawa. Mudzabweretse nokha."

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Telala anali atavumbwa kale mpaka mkati, ndipo tsopano panali phanga lachitatu likumuitana. Anapachika diresi lija pamsomali, n'kukhala nthawi yaitali mapazi ali pa chopondera osaponda.

Masana Kamphepo anabweretsa chakudya monga mwa masiku onse. Anaika mbale pambali pa makina osapereka moni.

"Khala pansi, tidyere limodzi."

"Ndakhuta." Anaima atayang'ana kumsewu. "Achimwene, ine ndinkawauza anzanga kuti achimwene anga saopa munthu. Onse akudziwa amene anatisokera. Dzulo pamjigo amandiseka. Akuti, 'Uwapatse moni achimwene ako a m'tauni.'"

"Ukadali mwana, sungamvetse."

"Ndikumvetsa. Kanyenyezi kaja ine ndinakaona tsiku loyamba. Mukuganiza kuti amayi sanakaone? Iwo achapa kanyenyezi kameneko zaka makumi atatu, m'malaya a abambo."

Telala anasiya supuni. Zimenezi mtima wake unkazidziwa, koma unkakana kuziyang'ana. Ndiye kuti amayi ake anamufunsa akudziwa yankho, ndipo iye anawanamiza m'maso muli gwa. Ndiye kuti bodza limene anagulitsira chikondi chake silinapusitse ngakhale munthu mmodzi amene analinenera.

Manyazi amene anamugwira apa anali amtundu wina, aja osakulola kukhala pansi. Anakankhira mbale kumbali n'kulowa m'sitolo kukafunsa ngati nsalu yobiriwira imene anasokera masiketi aja ikadalipo.

*

Lachisanu linali tsiku la msika. Telala sanalowe kuseri kwa makatoni a sopo. Anakokera makina kutsogolo kwenikweni kwa khonde, anamanga chingwe kuchoka pa nsanamira ina kukafika pa inzake, n'kuyamba kuponda. Siketi ikatha ankaitembenuza, kabudula poyera, n'kuipachika pachingwe. Pofika masana masiketi analipo asanu ndi atatu, akukupiza pamwamba pa mitu ya anthu, iliyonse ili ndi kanyenyezi kofiira kokulirapo kuposa ka masiku onse.

Anthu anaunjikana. Amayi ogulitsa tomato anagwira pakamwa, anyamata onyamula anthu panjinga ankaimba malikhweru.

"A telala, makina a magetsi aja ndi amenewa?" anafuula bambo wachipewa uja, wodandaula za madzi otunga madzulo.

"Ndi omwewa, bambo," anayankha telala, makutu akutentha, mapazi osaleka kuponda. "Aja a Lolemba ndinasokanso ndine. Ndinanama. Aphunzitsi sanagule kanthu."

Ananena chimodzimodzi kwa aliyense wofunsa, mwina kakhumi, ndipo ulendo uliwonse mawuwo ankatuluka mosavutirapo pang'ono.

Kenaka gulu linapatuka lokha. Amayi ake anafika, dengu lili pamutu. Analitula pansi mosafulumira n'kuyang'ana chingwe chonse kuchoka uku kukafika uko.

"Amayi, ine..."

"Khala chete. Ukuganiza kuti ndine wakhungu? Ulusi wa bambo ako ndingausokoneze ndi wa m'tauni?" Mawu awo anali otsika, oti amve iye yekha. "Ndinakufunsa pagulu kuti uvomere, ndikukalipire, nkhani ithere m'banja. Iwe unandiyang'ana m'maso n'kundinamiza ngati ndine kasitomala. Kalata ija ndinakukankhira dala, ndimati apa pokha akana. Unalemba. Ndinachita manyazi, mwana wanga, mpaka chakudya chinandikanika. Bambo ako anali ouma mutu, koma sanabisalepo kumbuyo kwa mkazi."

Telala anagwetsa nkhope. Misozi inadonthera pa nsalu yobiriwira, ndipo sanaipukute.

"Za mpira sindinasinthe maganizo," anapitiriza amayiwo. "Ndikuopabe. Ndili ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, ndipo anthu a kuno pakamwa pawo ndi lumo." Anatambasula dzanja n'kutsitsa siketi imodzi, yaing'ono mwa onsewo, n'kukoka lasitiki wake kawiri. "Iyi ndi ya Kamphepo?"

"Eya, amayi."

"Wathinitsa. Ukufuna mwana wanga azithamanga osapuma? Masula pang'ono." Anasenza dengu lawo. "Zochapa achape m'mamawa. Akayanika, ine sindidziwa kumene ali."

*

Loweruka, pa atsikana khumi ndi anayi panabwera asanu ndi anayi. Ena makolo anawatumiza kumunda, wina anamutsekera m'nyumba, wina anafika mpaka pamphambano n'kubwerera ataona chigulu cha amuna m'mbali mwa bwalo. Diresi la mwana wa a chigayo linatsala pamsomali paja, losakhudzidwa. Telala anaima pamzere wa bwalo penipeni, pamene aliyense akanamuona, atanyamula chigubu cha madzi a timu.

Mphindi zoyamba atsikana ankathamanga dzanja limodzi litagwira siketi, ndipo anyamata anayamba zawo zija. Koma mtsikana wina atagwa chagada, n'kudzuka osaoneka kanthu, n'kuthamangira mpira, malikhweru anazilala ndipo manja anasiya masiketi. Timu ya tsidya inachinya zigoli zitatu. Chakumapeto Kamphepo analandira mpira pakati pa bwalo, anapyola awiri ngati aima pamzere wa kuchigayo, n'kuumenyera pakona pa golo. Bambo wachipewa uja anapezeka akudumpha chipewa chili m'manja, kenaka anakumbukira kuti amadana ndi mpira wa atsikana n'kuchivalanso. Kutali, pansi pa mtengo wa kuseri kwa kalasi, panaima mayi wina wa dengu amene ankaoneka ngati akungodutsa.

Wezulo yomaliza italira, Nawezulo anabwera kwa telala anthu onse akuona, thukuta lili pamphumi, maso akuwala.

"Iwe wamanzere," anatero. "Ndamva za dzulo. Akuti unapachika mbendera zisanu ndi zitatu pamsika."

"Khumi ndi zinayi. Zinazo ndinamaliza madzulo."

"Ndinali nditakutaya, ukudziwa?" Anamugwira dzanja, pagulu pomwepo, ndipo amayi ena anatsokomola. Ndi dzanja linalo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kofewa chifukwa chopindapinda. "Kachisanu n'chinayi kaja. Ngakhale Lolemba kanali momwemu. Ndimati ndikang'ambe, manja amakana."

Telala anayang'ana kapepalako. Njira yonse panjinga anabwera akuyeserera mawu ake: kuti kalata ya komiti ija analemba ndi iye, kuti Lolemba likubwerali alawirira ku ofesi kukaikana pamaso pa mabwana, kuti akafuna amutaye koma amvere kwa iye mwini. Anali atalumbira kuti ulendo uno anena ndi pakamwa, osati za m'thumba.

"Pali chinthu chimene ndinakubisira," anayamba. "Lachitatu lija unandifunsa..."

Foni ya Nawezulo inalira m'thumba linalo.

"Dikira, mwina ndi ahedi akufunsa ngati angabwereko kumaliro," anaseka, n'kusiya dzanja lake kuti aitulutse.

Tsidya lina la bwalo, pansi pa ambulera yofiira, mwana wa a chigayo anali akubweza foni yake m'kachikwama.

Telala anaona kumwetulira kukuchoka pankhope ya Nawezulo pang'onopang'ono. Mphunzitsiyo anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Anawerenga mpaka pansi, milomo ikuyenda pa mawu oti "asamutsidwe msanga". Kenaka anafunyulula kapepala kaja n'kukaika pambali pa foni. Uku zilembo zopendekera kumanzere, ukonso zilembo zopendekera kumanzere. Kumbuyo kwawo atsikana anali atanyamula Kamphepo m'mwamba, akuimba dzina la mphunzitsi wawo.

"Ndimati ndikuuze pompano," anatero telala, mawu akutuluka ngati a mwana. "Mulungu ndi mboni, ndimati..."

Nawezulo anamutembenuzira foni ija kuti aone bwino.

"A telala," anatero motsitsa, "inu ndinu katswiri wozindikira ntchito ya manja. Tandiuzani. Iyinso ndi ya m'tauni?"